Mankhwala Olera Satha Mazira a Mayi

Pa WhatsApp, pamijigo ndiponso pamizere ya kusikelo pakumveka nkhani yakuti mapiritsi ndi jakisoni wolera amaumitsa mazira a mayi, moti mtsikana amene wayamba kulera asanabereke sadzaberekanso. Ambiri amene amaifalitsa ndi azakhali, apongozi ndi anzathu amene anaonapo banja likutha chifukwa chosowa mwana, ndipo akufuna kutchinjiriza mwana wawo. Mantha awo ndi omveka, koma nkhaniyo ndi yabodza. Munthu akangodziwa mmene mazira amapangikira, mmene amadikirira ndi mmene amathera m'thupi la mkazi, bodzali limasowa poima.

Mwamuna akatha msinkhu amapanga mbewu yatsopano tsiku ndi tsiku. Mkazi sali choncho, chifukwa mazira ake amapangika iye adakali m'mimba mwa mayi ake. Mimba ikafika miyezi 5, kamwana kakakazi kamakhala ndi mazira osakhwima okwana 6 kapena 7 miliyoni m'matumba awiri amene ali mbali iyi ndi iyi ya chiberekero. Pobadwa amakhala atatsala 1 kapena 2 miliyoni, ndipo pamene mtsikana akutha msinkhu amakhala ali pafupifupi 300,000 kapena 400,000. Ndiye kuti mazira ochuluka zedi amatha mwini wake asanagwirepo piritsi lolera ndi dzanja. Mwa otsalawo, amene adzakhwime n'kutuluka pa moyo wake wonse ndi 400 kapena 500 okha. Ena onse amafota n'kusungunukira m'thupi momwemo, monga mmene mtengo wa mango umachitira maluwa osawerengeka, ambiri n'kuthothoka, ochepa okha n'kugwira zipatso. Mayi akayandikira zaka 50 mazira amakhala atatsala pafupifupi 1,000, ndipo apa ndi pamene amasiya kusamba, kaya analerapo kaya sanalerepo.

Dzira lililonse limagona m'kathumba kakekake, litazingidwa ndi maselo amene amalidyetsa, ndipo limakhala litaima pakatikati pa ntchito yodzigawa imene linaiyamba mwini wake asanabadwe. Lina limadikira choncho zaka 13, lina zaka 40. Nthawi zonse timatumba tingapo timadzuka n'kuyamba kukula, ndipo kudzuka kumeneku sikudikira lamulo lochokera ku ubongo. Kumachitika mwa kamtsikana, mwa mayi woyembekezera, mwa woyamwitsa, ngakhalenso mwa amene akulera. Timatumbati timakula kwa miyezi yambiri, ndipo chakumapeto kwenikweni ndi kumene kachiwalo ka kunsi kwa ubongo kamalowererapo ndi mahomoni awiri, FSH ndi LH. Woyambayo amakulitsa kagulu ka timatumba mpaka kamodzi n'kupitirira tinzake, kufika masentimita pafupifupi 2. Wachiwiriyo akakwera mwadzidzidzi kathumbako kamaphulika, dzira laling'ono ngati kadontho n'kulowa m'chubu chopita ku chiberekero, mmene limakhala lamoyo maola 12 mpaka 24 kudikira mbewu ya bambo. Mapiritsi ndi jakisoni amagwira ntchito pa gawo lomalizali basi: amaletsa ubongo kutumiza lamulo loti dzira lituluke, ndiponso amalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti mbewu isadutse. Mazira ogona aja sawakhudza n'komwe. Amene akuganiza kuti nzeru zimenezi anazipeka ndi ogulitsa mankhwala adziwe kuti Regnier de Graaf wa ku Holland anafotokoza za kathumba kokhwima mu 1672, ndipo Karl Ernst von Baer anaona dzira lenilenilo mu 1827, pamene piritsi lolera linavomerezedwa ku America mu 1960.

Umboni wina tili nawo m'midzi mwathu momwemu. Mayi woyembekezera satulutsa dzira kwa miyezi 9, chifukwa thupi lake limadzaza ndi mahomoni a mtundu womwewo umene opanga mankhwala olera anatengera. Akabereka n'kumayamwitsa mwakathithi, dzira limachedwanso kutuluka kwa miyezi ingapo. Agogo athu amene anabereka ana 8 kapena 10 anatha zaka zambirimbiri mazira asakutuluka, koma mwana wina ankabwerabe mnzake akangoyamba kuyenda. Kupumitsa mazira kukanakhala kuwaumitsa, mimba yoyamba ikanakhalanso yomaliza. Koma pano tichenjezenso amene angalumphire mbali inayo n'kumati kulera kumasunga mazira kuti adzagwire ntchito mtsogolo. Nalonso ndi bodza. Mazira amapitirira kufota mwezi ndi mwezi, ndipo amene adikira zaka zambiri amalakwitsa kawirikawiri pomaliza kudzigawa. N'chifukwa chake mayi akapitirira zaka 35 mimba imavutirapo kugwira ndipo kupita padera kumachuluka.

Wina anganene kuti, “Nanga mlongo wanga uja anasiya jakisoni, bwanji watha chaka osaima?” Funso limeneli lisayankhidwe mwachipongwe, chifukwa lili ndi choona chake. Jakisoni wa miyezi 3, kaya Depo-Provera kaya Sayana Press, amachedwa kutha m'thupi. Amayi ambiri amatenga mimba patapita miyezi pafupifupi 10 kuchokera tsiku limene anabayitsa komaliza, ndipo ena amapitirira chaka. Uku ndi kuchedwa chabe, ndipo kumatha kokha. Amene akufuna mwana posachedwa ali ndi njira zina monga mapiritsi, lupu, kapena ya pamkono ngati Jadelle ndi Implanon, zimene zikangosiyidwa thupi limabwerera mwakale msanga. Winanso amafunsa kumene magazi amapita msambo ukasiya chifukwa cha jakisoni. Magazi a kumwezi amachokera ku chikutiro cha m'kati mwa chiberekero, chimene chimakhuthala pokonzekera mimba n'kutayika mimba ikapanda kubwera. Jakisoni amachisiya chopyapyala, choncho palibe choti chituluke, ndipo palibe chimene chikuunjikana m'mimba. Vuto n'lakuti zinthu ziwirizi nthawi zina sizifotokozedwa bwino kuchipatala chifukwa cha kutalika kwa mzere. Mayi amene sanauzidwe akadzazizwa ndi thupi lake, amakamva yankho pamjigo. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo ayenera kunena zonsezi jakisoni asanalowe m'thupi.

Choopsa chachikulu cha mphekeserayi n'chakuti imaloza chala pamalo olakwika, adani enieni n'kumadya mwakachetechete. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti pa anthu akuluakulu 6 alionse padziko lapansi, mmodzi amakumanapo ndi vuto la kusabereka. Kwathu kuno, kawirikawiri mazira a mayi amakhala alipo ndithu, koma njira yawo ndi imene yatsekeka. Chubu chodutsa dzira n'chopapatiza kwambiri, ndipo kachipsera kakang'ono kamakwana kuchitseka. Zipsera zimenezi zimabwera ndi chinzonono komanso chlamydia, matenda amene mwa amayi ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse, zimabweranso ndi matenda olowa pochotsa mimba mobisa kapena pobereka pamalo osasamalika. Likodzo, limene n'lofala m'madera a m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, nalonso limawononga ziwalo zoberekera za mkazi. Zimene zimaphadi mazira ndi monga kusuta fodya ndi mankhwala ena amphamvu a khansa. Ndipo tisaiwale bambo: pafupifupi theka la mabanja osowa mwana, vuto limakhala lake kapena la onse awiri, ngakhale kuti pamudzi amene amanyozedwa ndi mkazi yekha.

Choncho banja limene latha chaka likufuna mwana osamupeza, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, lipite kuchipatala, mwamuna ndi mkazi limodzi, onse akayezedwe. Chinzonono ndi likodzo zili ndi mankhwala, ndipo zikapezeka msanga machubu amapulumuka. Mtsikana amene waopsezedwa n'kusiya kulera amatha kutenga mimba yosakonzekera, ndipo akathamangira kukaichotsa kuseri, akhoza kubwerako ndi kusabereka kwenikweni kumene azakhali ake ankamuopera.