Malire a nyumba ndi nkhalango m'mapiri a Blantyre: chifukwa chake anthu ayenera kufunsidwa

Mzinda wa Blantyre unamangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe ndi Mpingwe. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mumzindawu munali anthu oposa 800,000, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe chaka ndi chaka. Banja lililonse latsopano likusowa pogona, pomwe malo a m'zigwa anatha kale ndipo otsalawo ndi okwera mtengo. Motero nyumba zakhala zikukwera m'mapiri, mzere pamwamba pa mzere, mpaka kulowa m'malo amene kale munali nkhalango zotetezedwa. Funso lakuti nyumba zilekezere pati ndipo mitengo iyambire pati ndilo lagona pamtima pa mapulani onse a kamangidwe ka mzindawu, ndipo silingayankhidwe bwino ngati eni madera sanafunsidwe.

Zimene zinachitika mu Marichi 2023 zinaonetsa kulemera kwa funsoli. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Mvula ya mtundu umenewo ikhoza kugumula phiri ngakhale lili ndi mitengo, monga mmene napolo anachitira ku Phalombe mu 1991. Komabe phiri lometedwa limagonja msanga, chifukwa palibe mizu yogwira nthaka kapena masamba ochepetsa liwiro la madzi, ndipo nyumba zikamangidwa m'njira ya madziwo, ngozi imasanduka maliro.

Nkhalango zimakhudzanso madzi akumwa. Damu la Mudi limadalira madzi ochokera kuphiri la Ndirande, lomwe mitengo yake yambiri inatha m'zaka za m'ma 1990. Anthu akamalima ndi kumanga m'malo osunga madzi, dothi limakokolokera m'damu ndipo madzi osungidwa amachepa. Madzi ambiri a mumzindawu amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wautali ndiponso wokwera, zomwe zimadya magetsi ochuluka. Ndalama zimenezo zimakathera pa bilu ya mwini nyumba, wogulitsa mumsika ndi mlimi wa ndiwo zamasamba.

Malamulo oyendetsera nkhaniyi alipo. Lamulo la mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, kumudzi ndi m'tauni momwe. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso ndi kukhwimitsa zilango mu 2020, limaletsa kumanga, kulima kapena kudula mitengo m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye mmene zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo kumva maganizo a okhudzidwa ndi mbali ya kauniuniyo. Vuto lagona pa mpata umene ulipo pakati pa lamulo lolembedwa ndi zochitika m'phiri, kumene poloti imagulitsidwa pakamwa, maziko n'kukumbidwa sabata yomweyo.

Mpata umenewu ndi umene misonkhano yomva maganizo a anthu imayenera kutseka. Katswiri wojambula mapu amadziwa kutsetsereka kwa phiri, koma mayi amene wakhala m'dera zaka makumi atatu amadziwa khwawa limene limadzaza mvula ikagwa usiku umodzi, kasupe amene anauma mitengo itadulidwa, ndi malo amene manda a makolo ali. Nzeru zotere zikapanda kulowa m'pulani, mapu amaoneka bwino papepala koma anthu sawalemekeza. Malire amene anthu anagwirizana nawo pamaso pa mafumu ndi makhansala amakhala ndi alonda ambiri kuposa amene boma lingathe kulemba ntchito.

Pamisonkhano yotere pamakumana zofuna zotsutsana, ndipo chilichonse chili ndi maziko ake. Wochita lendi akufuna poloti yotsika mtengo pafupi ndi kuntchito. Mlimi wa m'mphepete mwa mzinda akuopa kuti munda wake usanduka mapoloti iye osalandira chipepeso choyenera. Wogulitsa makala, njerwa zootcha ndi matabwa akuona kuti kutseka nkhalango ndiko kutseka pamene amapezera chakudya, pakuti mabanja ambiri a m'tauni amaphikirabe makala. Amene anamanga kale m'phiri akufunsa kumene adzapite. Pulani yongoletsa, yosasonyeza malo ena omangapo okhala ndi msewu, madzi ndi msika, imangokankhira anthu kuphiri lina. Nayonso pulani yongogawa mapoloti osasiya malo a mitengo imasamutsira ngozi kwa okhala kumunsi.

N'chifukwa chake wopita kumsonkhano ayenera kunyamula mafunso olunjika. Kodi malire a nkhalango akudutsa pati, ndipo aikidwa zizindikiro zooneka? Ndi malo ati otsetsereka kwambiri kapena a m'mbali mwa mitsinje amene sadzaloledwa kumangapo? Osamutsidwa adzapatsidwa malo kuti, ndipo adzalandira chikalata cha umwini? Ngalande za madzi a mvula zidzathira kuti? Ndani adzasamalire mitengo yobzalidwa, ndipo anthu oyandikana nayo adzapindula motani, kaya ndi nkhuni zouma, ulimi wa njuchi kapena zipatso? Mayankho a mafunso amenewa ayenera kulembedwa, chifukwa lonjezo la pakamwa limaiwalika msonkhano ukatha.

Okonza misonkhano nawonso ali ndi udindo. Mapu afotokozedwe m'chilankhulo chimene anthu amamva, apachikidwe pamalo ofikirika monga kumsika, kusukulu ndi kuofesi ya khonsolo, ndipo nthawi ya msonkhano isawombane ndi tsiku la msika kapena nyengo yobzala. Amayi, achinyamata ndi ochita lendi, amene kawirikawiri mawu awo amamira pakati pa eni malo, apatsidwe mpata wolankhula. Pulani yomaliza ikatuluka, anthu auzidwe maganizo amene atengedwa, amene asiyidwa ndi zifukwa zake.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika kukula kwa matauni pakati pa mizati itatu ya chitukuko cha dziko. Nyumba zipitirira kumangidwa, ku Blantyre ngakhalenso ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo chaka chilichonse, koma mbande yobzalidwa pamalo amene pulani sinawateteze imazulidwa tsiku limene mwini poloti wabwera ndi khasu. Alimi, amalonda ndi onse okhala pafupi ndi mapiri angachite bwino kufunsa kwa khansala, kwa mfumu kapena kukomiti ya chitukuko ya dera lawo za mapulani amene alipo, ndi kupereka maganizo awo mzere wa malire usanajambulidwe.