Mantha a masamu timawadzala ndife akuluakulu

Pamsika wa Migowi mupeza mtsikana wa Sitandade 6 akugulitsa zitumbuwa, n'kumabweza chenji molondola popanda cholembera. Mtsikana yemweyo aphunzitsi akamuitana kubolodi, manja amanjenjemera, mutu n'kuima. Ndiye timagamula kuti alibe mutu wa masamu.

Limenelo ndi bodza, ndipo likuwononga ana athu muno m'Phalombe.

Posova samu, mwana amasunga manambala angapo m'mutu nthawi imodzi. Akayamba kuganiza zoti anzake amuseka kapena aphunzitsi amulalatira, nkhawayo imalanda malo a manambala aja. Amalakwa, amanyozedwa, mawa lake amabwera ndi mantha oposa adzulo. Kafukufuku wa PISA wa 2012 anaonetsa kuti m'maiko ambiri ana oopa masamu amakhoza movutikira, ndipo atsikana ndiwo amaopa kwambiri. Mu 2010, Sian Beilock ndi anzake ku Chicago anapeza kuti mphunzitsi wamkazi akamaopa masamu, atsikana a m'kalasi mwake amayamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata, ndipo amakhoza movutikira.

Kwathu kuno mwana ali ndi zomukhumudwitsa zokwanira kale. Akafika Sitandade 5, masamu amabwera m'Chingerezi, ndipo nthawi zambiri chomugonjetsa ndi chilankhulo, osati samuyo. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, sukulu zinatsekedwa ndipo makalasi ena anasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Masamu amamangidwa ngati khoma: amene anaphonya kuchulukitsa nthawi imeneyo, kugawa kumamuvuta mpaka mayeso a PSLCE. Mwana wotereyu tikumutcha mbuli chifukwa chiyani?

Aphunzitsi, ndikudziwa kuti kalasi imadzaza mpaka pakhomo. Koma kusiya kulengeza malikisi a mwana pamaso pa anzake sikulira ndalama. Kufunsa kuti "wafika bwanji pa yankho limeneli?" m'malo mongodula mtanda wofiira sikudikira unduna. Ku Phalombe TTC, ophunzira zauphunzitsi amene iwo eni amaopa masamu athandizidwe asanapatsidwe choko.

Makolo, mawu oti "kubanja kwathu masamu sitimatha" muwasiye, makamaka pamaso pa ana aakazi. Mukamagulitsa nandolo chaka chino, mwanayo aime pafupi ndi sikelo, awerengere yekha makilogalamu ndi ndalama zake, ndipo akalakwitsa mumulole ayambirenso.