Boma la Lundazi Likukula, Nanga Madzi ndi Mthunzi?

Mwezi wa Okutobala, imani masana pakati pa boma la Lundazi muone. Odikira basi ya ku Chipata apanikizana pakhonde la shopu, amayi ogulitsa nshawa afunda chitenje kumutu. Mashopu atsopano ndi ambiri, koma mtengo woti munthu n'kupumirapo uchita kusaka.

Kukula sindikudana nako. Ngakhale Lumezi ndi Chasefu anapatsidwa maboma awoawo mu 2018, alimi a thonje ndi soya amagulabe malata ndi simenti kuno, ndipo ena amachokera ku Malawi kudzera pa Lusuntha. Ndalama ikuyenda. Chondivuta ndi mamangidwe athu. Munthu akagula puloti, choyamba ndi nkhwangwa: mitengo yonse pansi, ina n'kuotchera njerwa. Za madzi amazikumbukira nyumba itafoleredwa kale. Mnansi wanga ali ndi nyumba ya matailosi, koma ana ake amalawirira ndi zigubu mbandakucha.

Ku America kuli mzinda wa m'chipululu wotchedwa Phoenix, womwe unakula mothamanga. Mu 2023 unapsa masiku 31 otsatizana, kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa. Chaka chomwecho boma la Arizona linaleka kuvomereza malo atsopano omangapo nyumba zodalira madzi apansi panthaka m'dera limenelo. Amenewo ndi anthu a ndalama, komabe madzi anawakhalitsa pansi.

Mudzati kuno si chipululu. Zoona. Koma mwaiwala kale chilala cha 2024, pamene a Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi? Chimanga chinauma chili chiimire, malaiti n'kumazima tsiku lathunthu.

Timanyadira Castle Hotel, ndipo tonse tinajambulitsapo zithunzi za pa Facebook. Koma chimakoma pamalo paja si njerwa za Errol Button zokha ayi. Ndi damu lili pafupi ndi mitengo ikuluikulu, yomwe anaisiya anthu amene sanatidziwe n'komwe.

Ndalama za CDF zinakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zakhala zikuwonjezeka. Pa misonkhano ya m'mawadi pomwe amasankha zochita nazo, achinyamata sitionekako kwenikweni. Ine ulendo uno ndipita, ndipo ndikapempha ziwiri: mipopi ifike kumapuloti anthu asanayambe kumanga, ndiponso aliyense womanga shopu m'tauni abzale mtengo pakhomo pake, authirire mpaka ugwire.