Musanagule maso a mfuti, yambani mwagula tochi

Mwezi wathawu ndinacheza pa Kasungu boma m'sitolo ya asuweni anga ena amene amagula soya ndi mtedza m'misika ya kwa Chamama, Santhe ndi Nkhamenya. Akuluwa ali ndi mfuti yaing'ono, ija yobisa m'chiuno, ndipo mapepala ake ndi olongosoka monga lamulo la mfuti la 1967 limafunira. Chimene chikuwasowetsa tulo tsopano ndi tizitsulo tija timakhala pamwamba pa mfuti, tomwe munthu amachalira nato. Odziwa amati masaiti. Anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi zimene mnzawo wa ku Joni anawatumizira.

"Asuweni, inu munapondako ku koleji, tandisankhireni apa."

Ndinawakumbutsa kuti kukolejiko ndinachoka ndisanavale mkanjo, komanso za mfuti sankaphunzitsa. Komabe nkhaniyi ndaitsata, ndipo ndati ndiyankhire pano poti si okhawa amene ali ndi funso lotere.

Mantha awo sindikuwaseka ayi. Amene tinali ana m'ma 1990 tikukumbukira mmene mfuti za AK-47 zinalowera m'dziko muno nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Tikukumbukiranso December 1993, pamene asilikali analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ena n'kuthawa nazo. Kuchokera nthawi imeneyo, munthu woyenda ndi chikwama cha ndalama pakati pa minda ya fodya amayenda khosi lili m'mbuyo. Ndalama za fodya wa ku Chinkhoma zimadzera ku banki, inde, koma wogula soya pa sikelo amalipira pamanja.

Tsono masaitiwo alipo a mitundu itatu imene anthu amakangana nayo. Oyamba ndi achitsulo wamba, amene mfuti imabwera nawo: kamtengo kutsogolo, kampata kumbuyo. Umaika kamtengoko pakati pa kampata, diso lili pa kakutsogoloko. Safuna batire, sakola malaya, sathyoka wamba. Koma kukada, chitsulo chakuda pa mdima wakuda, palibe chimene uona.

Achiwiri ali ndi timadontho towala tokha usiku chifukwa cha mpweya wotchedwa tritium umene anautsekera m'timabotolo ting'onoting'ono. Wogulitsa sangakuuzeni msanga kuti kuwalako kumatsika ndi theka pakatha zaka 12, ndiye mukagula ogwiritsidwa kale ntchito mwina mwagula nyali yoti yatsala pang'ono kuzima. Achitatu, amene asuweni anagwa nawo m'chikondi, ndi kagalasi koonetsa kadontho kofiira. Kameneka n'kabwino zedi kwa munthu amene maso ayamba kufooka, poti diso limangokhala pa chinthu ukufuna kuomba. Koma kamafuna batire, kamatukumula shati, ndipo fumbi la Kasungu la mu October mukulidziwa nokha. Munthu wosazolowera amatulutsa mfuti n'kuyamba kufunafuna kadonthoko ngati wataya singano.

Mukandikakamiza kusankha, ndinena kuti achitsulo okhala ndi kadontho kowala kutsogolo akwanira. Koma kunena zoona, mkangano wonsewu ukuphonya mutu wa nkhani. Masaiti onse atatuwa amakuuza kumene chipolopolo chikagwere. Palibe ndi imodzi yomwe imene imakuuza kuti waima apoyo ndani. Tritium amawalitsa mfuti yako, saunika nkhope ya munthu.

Taganizirani amene amayenda usiku pa esiteti ya fodya. Fodya wa m'balani amafuna moto usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu, ndiye pali mnyamata amene amadzuka 2 koloko kukasonkhezera nkhuni. Pali mlonda amene wazungulira kuseri kwa chigafa kukataya madzi. Pali mwana wanu yemwe, amene anazemba kupita ku dansi ndipo akubwerera chonyang'ama, nsapato zili m'manja. Onsewa mumdima amaoneka chimodzimodzi ndi wakuba: chithunzithunzi chakuda choyenda mwakachetechete. Kadontho kofiira kadzakhala pachifuwa cha aliyense wa iwo mosasankha.

Izi si nthano. Mu May 2004, Rudi Visagie, amene kale ankasewera rugby m'timu ya dziko la South Africa, anamva galimoto ikutuluka pakhomo pake mbandakucha. Poganiza kuti ndi mbava, anaombera. M'galimotomo munali mwana wake wamkazi wa zaka 19, ndipo anamwalira. Bamboyu sanaphonye. Chimene chinasowa ndi kuona.

Palinso nkhani ya nthawi. Mu 1983 wapolisi wina wa ku Salt Lake City ku America, Dennis Tueller, anayesa n'kupeza kuti munthu wa mpeni amene waima mamita pafupifupi 6 ndi theka atha kukufika m'sekondi imodzi ndi theka. Tsono inu mfuti ili pansi pa shati ndi jekete, dzanja lina lagwira chikwama, mwina muli pa njinga yamoto pa msewu wafumbi wochokera ku Mtunthama. Achifwamba athu sabwera mmodzi, ndipo salengeza. Mu sekondi imodzi ndi thekayo, kodi mudzafunafuna kadontho kapena mudzakhala mukukoka shati? Chimene chimathandiza pamenepo ndi manja ozolowera, ndipo manja sazolowera ndi zithunzi za pa foni.

Ndinawafunsa asuweni kuti chitengereni mfutiyo aombapo zipolopolo zingati. Anawerenga pa zala, dzanja lachiwiri silinathe. Usiku? Sanayesepo n'kamodzi komwe. Ati zipolopolo n'zodula, ndipo malo oyeserera sakuwadziwa. Munthu yemweyo ndi wokonzeka kutumiza ndalama ku Joni kugula kagalasi.

Apa ndiye ndili ndi mawu kwa apolisi athu, amene amapereka zilolezo. Kufufuza ngati munthu ali ndi mbiri yoipa n'kofunika, koma sikukwanira. Woyendetsa galimoto amayesedwa pamsewu asanapatsidwe laisensi. Bwanji wa mfuti, nthawi iliyonse akamakonzanso chilolezo chake, asamakaonetse pamaso pa wapolisi kuti amatha kuitulutsa, kuigwira ndi kuisunga? Ndipo mayeso amodzi akhale a mumdima, pomwe aziona ngati munthuyo amayamba waunika ndi kufuula asanagwire chowombera. Pakuti tsiku loipalo likafika, woweruza sadzafunsa kuti masaiti anu anali a kampani yanji. Adzafunsa kuti munaona chiyani, moyo wanu unali pangozi yotani, ndipo mphamvu munagwiritsayo inali yoyenera kapena ayi. "Ndinaona chinthu chikuyenda" si yankho lotulutsa munthu ku Maula.

Ena adzati tochi imakuulula pamene waima. Zoona. Koma nyali ya sola yopachika pa shedi ndi pa geti imaunika wobwerayo, inu muli mumdima m'nyumba. Mtengo wa kagalasi kamodzi ungagule nyali zoterezi zingapo, n'kutsalako ya wenzulo ya mlonda. Ndipo ndalama ya soya ija, mbali ina itha kuyenda pa Airtel Money kapena Mpamba m'malo mwa chikwama chimene msika wonse ukuchiona.

Asuweni sanakondwe nalo yankho langa. Ati ndalankhula ngati munthu amene sanaonepo chikwanje chikunyezimira pakhomo pake, ndipo pamenepo sananame. Kagalasiko akuti aitanitsabe. Koma pondiperekeza ku depoti anaima pa okala ina n'kufunsa mtengo wa tochi yaikulu yotchaja, ndipo ndinawasiya akunenerera.