Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: odwala multiple sclerosis akuchedwa kuthandizidwa

Olemekezeka a Nduna, ku Ndeke House,

Ndikulemba kuchokera ku Kabulonga pa za matenda amene kwa nthawi yaitali ankatengedwa ngati a azungu okha, a multiple sclerosis, kapena kuti MS. Lipoti la Atlas of MS la 2020 linapeza kuti anthu 2.8 miliyoni padziko lonse ali nawo, ambiri mwa iwo amayi. Kuno ku Zambia aliponso. Chiyambire maphunziro a madokotala a ubongo ndi mitsempha ku chipatala cha UTH mu 2018, tili ndi akatswiri athuathu otha kuwazindikira, ndipo pamenepa boma tikulithokoza.

Pa matendawa chitetezo cha thupi chimaukira chophimba cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, n'kuisiya ngati waya wamagetsi wosupuka. Wodwala amachita dzanzi, diso limachita chidima, kenako amapezako bwino, abale n'kumati zatha. Koma mkatimo mtsempha waukulu wa mumsana umapitiriza kufota pang'onopang'ono, makamaka cha pakhosi, pamene pamadutsa mauthenga onse opita kumanja, kumiyendo ndi kuchikhodzodzo. Kale mu 1996 madokotala a ku Queen Square ku London anasonyeza ndi makina a MRI kuti mtsemphawu ukamachepa, kulumala kumakulanso. Chofota sichibwerera, a Nduna. Palibe mankhwala ochimeretsanso.

Mlongo wanga wakhala ndi matendawa zaka zambiri. Chimene ndinayamba kuona ndi nsapato yake yakumanzere, yoperepeseka kutsogolo chifukwa chokwakwaza phazi. Anamuyeza HIV, anamuyeza TB ya msana, ndipo n'zomveka poti ndizo zimapundula ambiri kwathu kuno. Zitapezeka kuti palibe, ena anati ndi nkhawa chabe, achibale ena anati walodzedwa. Pamene dzina la matenda limadziwika n'kuti akuyendera ndodo. Lero asanakwere minibasi yopita m'tauni amayamba waganiza kumene akapeze chimbudzi, chifukwa mkodzo sumudikira. Ife tinakwanitsa kulipira MRI pachipatala cholipira. Nanga mayi wa ku Chawama kapena ku Lundazi alowera kuti?

Mu July 2023 bungwe la WHO linaika mankhwala atatu a MS pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri: cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab. Rituximab si wachilendo kwa madokotala athu, amathandizira kale odwala khansa ina. Wa MS amamulandira pa dripi pafupifupi miyezi 6 iliyonse, ndipo akayambidwa msanga matenda sabukabuka. Ndikupempha kuti unduna wanu uonetsetse kuti mankhwalawa akupezeka m'zipatala za boma kwa odwala MS, ndi kuti bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA lizilipira mankhwalawo pamodzi ndi MRI yojambula ubongo ndi khosi lomwe, osati mutu wokha. Mafizo nawo afike m'zipatala za m'makomboni, chifukwa mwendo wosawongoledwa umauma. Ma clinical officer aphunzitsidwe kuti mtsikana wodandaula dzanzi ndi diso losaona bwino asamangopatsidwa panado, atumizidwe kwa katswiri.

Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limalonjeza olumala chithandizo chaumoyo. Ambiri mwa odwala MS amayamba kudwala ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 40, akulera ana. Chonde, a Nduna, athandizeni akadali oyenda ndi miyendo yawo.

Ine wanu,
Nzika ya ku Kabulonga, Lusaka