Foni ikalira muli pa swala, izimitseni

M'mizikiti yambiri, kaya ku Mangochi, ku Limbe kapena ku Lilongwe, pakhomo pamakhala chikalata chopempha anthu kuzimitsa mafoni. Komabe imamu akangoyamba Fatiha, foni ya wina imalira m'thumba mpaka nyimbo kutha, kenaka n'kuyambiranso, poti woimbayo sakudziwa kuti mnzake ali mumzikiti. Mwini foniyo amangoti chilili, manyazi atamugwira, kuopa kuti akapisa dzanja m'thumba swala yake yawonongeka. Mzere wonse umasokonezeka kuti munthu mmodzi asasunthe dzanja.

Manthawa ndi a munthu wolemekeza swala, ndipo ine ndimawalemekeza. Koma lamulo silinena zimene iye akuopazo. Asilamu ambiri kuno timatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chomwe chinatipeza kuchokera kugombe la Kilwa ndi Zanzibar, ndipo kumadrasa ana amaloweza kuti kusuntha katatu motsatizana kumawononga swala. Zimenezo n'zoona. Chomwe chimatsalira m'buku n'chakuti akunena kusuntha kwakukulu, monga kuyenda mapazi atatu mosalekeza. Kugwedeza chala, ngakhale kangapo, sikuwononga swala, ndipo ukapumira pakati, kuwerengako kumayambiranso. Otsata Imam Abu Hanifa, monga abale athu ambiri achimwenye m'matauni, amayeza mwanjira ina: swala imawonongeka ngati wokuona chapatali angaganize kuti sukuswali. Kupisa dzanja kamodzi n'kudina batani sikufika pamenepo ayi.

Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anatsogolera swala atanyamula mdzukulu wake Umamah, mwana wa Zaynab. Pochita sijida ankamutsitsa, podzuka n'kumunyamulanso. Nkhaniyi ili mwa Bukhari ndi Muslim. Tsiku lina akuswali m'nyumba anayenda pang'ono kukatsegulira mayi Aisha chitseko, chomwe chinali mbali ya Kibla, n'kubwerera pamalo pake. Analamulanso kuti njoka ndi chinkhanira ziphedwe ngakhale munthu ali pa swala, ndipo amene anaswalipo pamkeka usiku wa Okutobala m'mbali mwa nyanja akudziwa kuti lamulolo n'lachifundo.

Ndimawaganizira kwambiri amayi. Mwana akukwawira kumoto kapena akulira mpaka kubanika, mayi ali njenjenje pamkeka chifukwa anauzidwa kuti akamugwira ayambirenso. Mayi, munyamuleni mwanayo. Mtumiki yemweyo ankafupikitsa swala ya gulu akamva khanda likulira, poganizira mtima wa mayi wake.

Pomwe Mtumiki anakhwimitsa ndi pa maso, ndipo ndi pomwe ife tamasuka. Mayi Aisha atamufunsa za kucheukacheuka pa swala, anawafotokozera kuti kumeneko ndi kutsomphola komwe Satana amatsomphola swala ya munthu. Anadzudzulanso mwaukali omwe amakweza maso kumwamba akuswali. Akatswiri a malamulo anasiyanitsa bwino: kutembenuza khosi popanda chifukwa n'konyansa ndipo kumachepetsa malipiro, koma swala imakhalapobe, pomwe kutembenuza chifuwa kuchoka ku Kibla ndiye kumaiwononga. Ambiri amati maso akhale pomwe chipumi chikagunde, ndipo pa tashahhud akhale pa chala chomwe ukulozera. Imam Malik ankakonda kuti munthu ayang'ane kutsogolo. Onsewa akufuna chinthu chimodzi, kuti maso akhale pamalo amodzi, chifukwa komwe apita maso mtima umalondola ngati mwanawang'ombe pambuyo pa make.

Ndiye taonani zomwe timachita. Timasuzumira amene walowa mochedwa, timayang'ana nsapato zathu pakhomo, timakonza kanzu kasanu, timathyola zala. Zonsezi palibe chomwe zikupulumutsa, koma sitiziopa ngati momwe timaopera kuzimitsa foni yomwe ikuvutitsa anthu zana.

Pali nkhani ina yomwe makomiti a mizikiti ayenera kuimva. Mtumiki anaswali atavala chovala chokongoletsedwa, ndipo atamaliza anati chibwezedwe kwa Abu Jahm, amubweretsere chosakongoletsa, chifukwa zokongoletsazo zinamutenga maganizo. Ngati iye anasokonezeka ndi nsalu, nanga ife? Masiku ano mzikiti ukapeza thandizo, timagula makapeti odzaza zithunzi za zipilala ndi maluwa, ndipo kukhoma la Kibla timapachikako wotchi yamagetsi yomwe manambala ake ofiira amaphethiraphethira. Pambali pake pali mndandanda wa omwe apereka ndalama ya simenti. Kenaka timadabwa kuti anthu sakhazikika. Wotchiyo ipite kukhoma lakumbuyo, zikalata zipite pakhonde. Katswiri wina, Ibn al-Qayyim, analola kutsinzina ngati kutsogolo kuli zosokoneza, ngakhale kuti kutsinzina sichinali chizolowezi cha Mtumiki, koma sibwino kumanga mzikiti womwe anthu ayenera kutsinzina kuti aswalimo.

Kwa maimamu athu, pempho langa n'laling'ono. Musanachite takbir mumatiuza kuti tiwongole mizere ndi kutseka mipata. Onjezeranipo mawu awiri: mafoni azimitsidwe, ndipo amene waiwala, ikalira aizimitse pomwepo, swala yake ili bwinobwino. Anthu ambiri sanauzidwepo zimenezi, ndipo kwa inu adzamva.