Amene anaphunzira pano tiwaitane abwerenso

Anzanga, chaka chilichonse a Fomu 4 akamaliza kulemba MSCE amajambulitsa, kutsanzikana, kenako n'kubalalika. Amadzaonekeranso tsiku lotenga zotsatira basi. Sukulu imawaiwala, iwonso amaiwala sukulu. Ine ndikuti apa tikutaya chuma, ndipo pasukulu pano pakufunika bungwe la ophunzira akale.

Ndikati bungwe, ena maganizo athamangira kale ku ndalama, kuti adzatigulire madesiki kapena mpira. Zimenezo n'zabwino, koma chimene tikusowa kwambiri ndi munthu wotilozera njira. Tafunsani m'kalasi mwanu: ndi angati akudziwa kuti polowa yunivesite ya boma pamafunika ma credit 6, limodzi mwa iwo la Chingerezi? Ndi angati akudziwa kuti wofuna kudzaphunzira za bizinesi kapena zowerengera ndalama masamu sangawazembe? Ambirife masamu timayamba kuwathawa tili Fomu 1, n'kudzazindikira tili Fomu 4 kuti chitseko tinadzitsekera tokha. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene akuluakulu amaitchulabe kuti Poly. Kuli Malawi College of Accountancy. Kuli makoleji a ntchito zamanja, komanso bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite. Koma mafomu ake amalemba bwanji? Amayamba liti? Kwathu kuno mufunsa ndani?

Aphunzitsi amatiuzako, inde, koma ndi ochepa ndipo silabasi ikuwathamangitsa. Komanso mawu amalowa mwina akachokera kwa munthu amene anakhalapo pa benchi lomweli, amene anapondapo matope a mu Januwale pobwera kuno, ndipo akaweruka ankayamba watunga madzi kapena kupita kudimba asanagwire kope. Ameneyo akanena kuti n'zotheka, sungamuyankhe kuti "inu simukudziwa mavuto athu".

Ndipo sindikunena za a madigiri okha ayi. Achemwali amene ali ndi kagolosale pamsika paja, achimwene amene ali ndi kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba, nawonso ndi ophunzira akale. Mu Business Studies timaloweza za cash book kuti tikhoze mayeso, koma ambirife sitinaonepo yeniyeni. Bwanji iwowo osabwera ndi kope lawo la malonda, adzationetse mmene amasiyanitsira mpamba ndi phindu, ndi mmene ngongole za achibale, zija za "ndikupatsa mawa", zimagwetsera bizinesi? Mphindi 40 zotere zingatiphunzitse zimene manotsi a sabata yonse sangathe. Ngakhale amene bizinesi yake inagwa abwere, atiuze pamene panavuta.

Nawonso eni akewo apindula. Amene ali m'tauni akamva za mwayi wa ntchito adzauza mnzake wa kuno. Mwana amene wangosankhidwa kumene kupita ku koleji, woti Lilongwe kapena Blantyre sanapondeko, adzapeza womuchingamira kudepoti ndi kumuuza kumene angapeze malo ogona otchipa. Amene akuchita geni angathe kuyambitsa banki mkhonde yawo. Sukulu zina zikuluzikulu zogonera komweko zili ndi mabungwe otere, ndiye ife a CDSS tingalephere chifukwa chiyani? Kapena ndi manyazi? Paja alipo ena akafika m'tauni safunanso kutchula kumene anaphunzira, ngati kuti CDSS ndi matenda.

Wina anena kuti anthuwo ndi otanganidwa. Zoona, koma kodi tinawaitanapo n'kukana? Sitikupempha kuti azibwera sabata iliyonse. Lachisanu limodzi pa teremu ndi lokwanira, ndipo amene ali kutali angathe kulankhula nafe pa foni ya aphunzitsi.

Chimene ine ndikuopa ndi china. Alipo amene angabwere kudzangoonetsa nsapato ndi foni, ife n'kuombera m'manja, osatolapo kanthu. Choopsa kwambiri ndi azibambo amene angalowere dzina la uphungu kuti azinyengerera atsikana, eti "ndikulipirira mayeso". Zimenezi zimachitika ndipo tonse tikudziwa. Choncho malamulo akhalepo kuyambira tsiku loyamba: zokumana zonse zizichitikira pasukulu, masana, aphunzitsi ali pomwepo. Thandizo lililonse lizidzera kwa ahedi ndi komiti ya makolo, osati m'manja mwa mwana kuseri kwa kalasi. Atsikana akhalenso ndi alangizi achizimayi.

Poyambira pake sipafuna ndalama. Pakufunika kope limodzi lokha, lokhala ku ofesi. Aliyense wa ife ali ndi mkulu wake, msuweni kapena woyandikana naye nyumba amene anadutsa pano. Tiwapemphe, akalola tilembe dzina, chaka chimene anamaliza, zimene akuchita ndi nambala ya foni. A Fomu 4 a chaka chino alembe okha asanachoke. Mapulifeketi, chonde kaitengereni nkhaniyi kwa ahedi teremu ino isanathe.

Wophunzira wa Fomu 2